Kuthetsa mavuto a zolembera za nibu zowonda zimene timasema pa lathe

Pakati pa anthu ochepa a muno mu Mzuzu amene timasema zolembera pa lathe (makina osemera mtengo pouzungulitsa) madzulo kapena Loweruka, pali dandaulo limodzi limene silitha. Munthu amayamba ndi bolopeni ya mtundu wa Slimline, imamuyendera bwino, kenaka amafuna cholembera cha nibu (nsonga yachitsulo yolemba ndi inki yamadzi) chowonda chimodzimodzi. Amaitanitsa kit kuchokera kunja atangokopeka ndi chithunzi, amadikira masabata angapo, amalipira msonkho, ndipo katundu akafika amapeza kuti zitsulo sizikukwana pa zida zake, mtengo ukung'ambika, kapena cholembera chatha bwinobwino koma chikukana kulemba. Kit imene ndikunena ndi paketi ya tizitsulo tonse ta cholembera: timapaipi ta mkuwa timene timalowa m'kati mwa mtengo, nibu, kilipu, ndi tizitsulo ta mazinga tolumikizira thupi ndi chivindikiro.

Ambiri mwa mavuto amenewa amachokera pa kasankhidwe ka kit. Cholembera cha nibu chimasunga inki yake m'mimba, ndipo mimbayo singachepe kupitirira malire ena, choncho wopanga kit akafuna kuti cholembera chioneke chowonda, chimene amachepetsa ndi mtengo wanu. Pansipa ndaika mavuto monga mmene amaonekera, ndipo pa vuto lililonse ndayamba ndi chifukwa chimene chimapezeka kawirikawiri n'kumatsikira ku zimene zimachitika mwa apo ndi apo.

## Kit yafika koma sikugwirizana ndi zida zimene muli nazo

1. Munaganiza kuti cholembera chowonda chilichonse chimagwiritsa ntchito timapaipi ta 7 mm. Timapaipi ta Slimline m'kati mwake muli mpata wa pafupifupi 6.3 mm, ndipo katiriji ya inki kapena converter wamba (kapampu kopopera inki kuchokera m'botolo) ndi zonenepa kuposa mpata umenewo. N'chifukwa chake ma kit a nibu amafuna mabowo akuluakulu, ndipo nthawi zambiri awiri osiyana, lina la thupi ndi lina la chivindikiro. Kit ya Baron, mwachitsanzo, imafuna mabiti obowolera a 25/64 ndi 15/32 ya inchi, pamene Jr. Gentleman imafuna a 10.5 mm ndi 12.5 mm. Musanalipire, pezani pepala la malangizo a kit imene mwaikonda, limene ogulitsa ambiri amaliika pa intaneti, ndipo muwerenge kukula kwa mabiti.
2. Simunaitanitse mabushi a kit imeneyo. Mabushi ndi tizitsulo timene timagwira mtengo pa mandrel, kachitsulo kowonda kamene kamazungulitsa mtengowo pa lathe, komanso kukuonetsani posiyira kusema. Kit iliyonse ili ndi ake, ndipo ma kit awiri ofanana maonekedwe ochokera kwa ogulitsa osiyana akhoza kusiyana pang'ono. Aitanitseni pamodzi ndi kit, kwa wogulitsa yemweyo.
3. Mandrel yanu ndi ya mtundu wina. Ma kit ambiri amakwana pa mandrel yomweyo ya Slimline, koma alipo ena amene mabushi ake anabooledwa kuti alowe pa mandrel yonenepa pang'ono. Onetsetsaninso ngati mphuno ya lathe yanu, mmene mandrel imalowa, ndi ya muyeso wa MT1 kapena wa MT2.

Nkhani ya mabiti ndi imene imatipweteka kwambiri kuno. M'mashopu a zida za ukalipentala m'tauni muno mudzapeza mabiti a 10 mm ndi 12 mm mosavuta, koma a mainchi ogawidwa mpaka 64 kapena a theka la milimita si opezeka wamba. Biti ya 25/64 ndi 9.92 mm, ndipo ya 15/32 ndi 11.91 mm, choncho ya 10 mm ndi ya 12 mm zimaboola bowo lokulirapo pang'ono kwambiri, limene guluu wa epoxy angathe kulidzaza. Musangokhulupirira masamu anga. Boolani kachidutswa ka paini wa ku Chikangawa, lowetsani kapaipi, ndipo ngati kakulowa ndi chala popanda kukakamiza komanso popanda kugwedera, bitiyo ikhoza kugwira ntchito. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kusankha kit potengera mabiti amene mungawapeze kuno akathyoka, kusiyana n'kusankha yokongola imene biti yake ikatha muyenera kudikiranso katundu wa kunja.

## Mtengo ukuphulika pobowola kapena posema

1. Kutentha pobowola. Biti ikalowa kwa nthawi yaitali osatulutsidwa, utuchi umadzaza m'mizere yake, umatentha, ndipo mtengo umasweka kuchokera m'kati. Chepetsani liwiro kuti biti izizungulira maulendo 500 mpaka 800 pa mphindi, ndipo muzitulutsa biti mukalowa pafupifupi sentimita imodzi iliyonse. Mukagwira mtengo n'kumva kutentha, imani kaye.
2. Kutulukira kuseri. Mtengo umakonda kuphulika pamene biti ikutuluka kumapeto. Dulani chidutswa chanu chotalikirapo kuposa kapaipi, boolani mpaka kuya kokwanira osatulukira, kenaka dulani mbali yotsekayo ndi sowo.
3. Chidutswa ndi chochepa. Cha 19 mm mbali zonse chimakwanira bwino bowo la 7 mm, koma pa bowo la 12.5 mm chimangotsala ndi mamilimita atatu ndi pang'ono mbali iliyonse, ndipo biti ikangopotoka pang'ono, yatulukira pambali. Pa chivindikiro dulani cha 22 mm ngati mtengo ulipo.
4. Guluu sanafike paliponse. Pamene kapaipi sikanamatike, mtengo wopyapyala umakhala ukulendewera, ndipo chizulo chikangoukola umathothoka. Kwechani kapaipi ndi sandipepa mpaka kasiye kunyezimira, pakani guluu kuzungulira konse, ndipo mukalowetse mokapotokola. Supa guluu amauma msanga ndipo sadzaza mipata bwino, moti pa zolembera zowonda epoxy ndiye woyenera, ngakhale kuti amakuchedwetsani usiku umodzi.
5. Chizulo chabuntha. Chizulo chobuntha chimafuna mphamvu, ndipo mphamvuyo ndi imene imang'amba malekezero. Nolani musanayambe, ndipo nolaninso musanadule komaliza.

## Cholembera chang'ambika pomanga kapena patapita masiku

Vuto ili ndi limene limawawa kwambiri, chifukwa limabwera ntchito yonse itatha, nthawi zina cholembera chili kale m'thumba la munthu amene munamupatsa ngati mphatso. Kuti mumvetse chifukwa chake, ganizani za Slimline: bowo ndi la 7 mm, mabushi ndi a pafupifupi 8.4 mm, kutanthauza kuti kumalekezero kumatsala mtengo wokhuthala 0.7 mm basi. Ma kit a nibu owonda nawonso amasiya mtengo wopyapyala chonchi, makamaka pakamwa pa chivindikiro. Mtengo wotere sukhululuka.

Ngati mng'alu waoneka pamene mukukanikiza zitsulo, yang'anani izi:

1. Guluu wouma watsala m'kamwa mwa kapaipi. Chitsulo cholowa chimakwera pa guluuyo, kapaipi kamafutukuka, mtengo n'kusweka. Unikani m'kati ndi tochi ya foni ndipo mupale ndi kampeni kapena tupa wozungulira mpaka mkuwa uoneke. Njira yopewera imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi kutseka kamwa la kapaipi musanapake guluu, pokabaya pa kachidutswa ka mbatatesi, kenaka n'kuchotsa chotsekeracho guluu akauma.
2. Chitsulo chalowa chopendekeka. Vayisi ya pa benchi imagwira ntchito ngati mwaika timatabwa pa nsagwada zake ndipo mukutseka pang'onopang'ono, mukutembenuza cholembera kuti muone mbali zonse. Nyundo musaiyandikize.
3. Kamwa la kapaipi lili ndi chitsulo chopindikira m'kati chimene chinatsala poyeretsa malekezero. Lisalazeni pang'ono ndi nsonga ya biti yaikulu, mukuizungulitsa ndi dzanja.
4. Chitsulo cha kit chinabwera chonenepa kuposa muyeso. Izi zimachitika ndi ma kit otsika mtengo. Yezani ndi veniya, chida choyezera kunenepa kwa zinthu, ndipo ngati kusiyana kuli kwakukulu, kulitsani pang'ono m'kati mwa kapaipi ndi tupa kuti chitsulocho chilowe mosavuta, kenaka muchigwiritse ndi kadontho ka epoxy.

Ngati mng'alu wabwera patapita sabata kapena mwezi, wolakwa nthawi zambiri ndi madzi amene anali mu mtengo. Mzuzu ndi malo a chinyezi, mvula imachedwa kusiya, ndipo ngakhale miyezi yozizira kumagwa mawawa. Thabwa limene lakhala m'shedi ya kalipentala ku Luwinga kapena ku Chibavi likhoza kumveka louma m'manja pamene m'kati muli madzi ambiri. Cholembera choterocho chikapita ku Karonga mu Okutobala, kapena chikasiyidwa m'galimoto padzuwa, mtengo umauma n'kufuna kukhwinyata, koma mkuwa uli m'katimo sukhwinyata nawo, ndiye mtengo umang'ambika motsata mzere wake.

Kuti mudziwe ngati mtengo wauma, simufunika makina. Dulani zidutswa zanu, lembanipo tsiku, ziikeni m'nyumba pamalo opita mphepo, ndipo muziziyeza pa sikelo ya digito ya kukhitchini kamodzi pa sabata. Kulemera kukasiya kutsika kwa masabata awiri kapena atatu, zauma monga mmene nyumba yanu ingaumitsire. Chinanso chothandiza ndi kubowola lero n'kusiya chidutswacho masiku angapo musanamate kapaipi. Ngati bowo lachepa moti kapaipi kakukana kulowa, mtengowo unali ukuyendabe, ndipo mwaupeza usanakuwonongereni kit.

Mtundu wa mtengo nawonso uli ndi gawo lake. Mlombwa susuntha kwambiri ukauma, umasemeka bwino, ndipo kwa munthu amene akuyesa kit yowonda koyamba ndi umene ndingamusankhire. Mbawa ndi yofewerapo koma ndi yokhazikika. Phingo, amene amisiri osema ziboliboli m'mbali mwa msewu wa ku Nkhata Bay amamudziwa bwino, amatulutsa cholembera chokongola kuposa onse, koma ndi wolimba, amatenthetsa biti msanga, ndipo ali ndi mafuta amene amalepheretsa guluu kugwira. Bulugamu amakhwinyata kwambiri pouma, choncho musamuike pa kit yopyapyala pokhapokha atakhala zaka. Tizidutswa totsala kwa akalipentala ndi osema timakwanira ntchito imeneyi popanda kugwetsa mtengo. Kumbukirani kuti phingo ali m'gulu la mitengo ya Dalbergia, imene malonda ake a kunja akhala akuyang'aniridwa ndi pangano la maiko loteteza nyama ndi zomera la CITES kuyambira mu 2017, kotero musanatumize zolembera za mtengowu kunja kwa dziko, kafunseni ku nthambi ya za nkhalango.

## Mtengo sukulingana ndi chitsulo pamene zikukumana

Mukayendetsa chala pamalo olumikizira n'kumva phewa mbali imodzi pamene mbali ina pali bwinobwino, cholembera sichinazungulire mofanana.

1. Mwakanikiza kwambiri chogwirira cha kumbuyo kwa lathe. Mandrel ndi kachitsulo kowonda, ndipo ikapanikizidwa imapinda ngati uta. Ingoikhudzani mpaka nsonga iyambe kuzungulira nayo limodzi.
2. Nati ya pa mandrel yamangidwa mopitirira. Zala zokha zikukwana, sipanala ndi yosafunika.
3. Mandrel inapinda kale. Igubuduzeni pa galasi lathyathyathya, ndipo ngati ikudumphadumpha, isintheni.
4. Malekezero a mtengo sanayeretsedwe molunjika ndi kapaipi, moti mabushi akukhala mopendekeka.
5. Nsonga ziwiri za lathe sizikukumana. Ziyandikizeni makina ali ozima ndipo muone ngati zikulozana.

Ngati phewa likumveka kuzungulira konse mofanana, mabushi atha chifukwa cha sandipepa, kapena simunawerengere kukhuthala kwa polishi imene mwapaka. Chizolowezi chabwino ndi kuyeza chitsulo chenicheni cha kit ndi veniya n'kusema potsata muyeso umenewo, mabushi n'kumangowatenga ngati chokuyandikitsani.

## Katiriji kapena converter sikukwana m'thupi la cholembera

Ma kit ambiri amagwiritsa ntchito makatiriji a muyeso wa standard international, amene afupi ake ndi a pafupifupi 38 mm ndipo aatali ndi a pafupifupi 73 mm. Makatiriji a Parker, Lamy, Sheaffer ndi Pilot ali ndi kamwa lawolawo ndipo sangalowe, ngakhale atakhala kuti ndi okhawo amene mwawapeza m'shopu ya mabuku. Ichi ndiye chifukwa choyamba. Chachiwiri n'chakuti ma kit ena owonda kapena afupi amalandira katiriji yaifupi yokha, converter osalowa konse, ndipo izi zimalembedwa m'malangizo amene ambiri sitiwawerenga. Chachitatu, munadula kapaipi mopitirira poyeretsa malekezero, thupi n'kufupika. Siyani kudula mkuwa ukangoyamba kunyezimira.

Kwa ife a kuno, kit yolandira converter ndi imene ili ndi phindu, chifukwa botolo limodzi la inki limatha miyezi, pamene makatiriji amatha msanga ndipo sapezeka nthawi zonse. Ngati mwagula kale kit ya makatiriji okha, musataye otha: mukhoza kuwadzazanso ndi sirinji yopanda nsonga yakuthwa.

## Cholembera sichikulemba, chikudumphadumpha, kapena chikukanda pepala

1. Mafuta a ku fakitale atsala pa nibu ndi pa feed, kapulasitiki kakuda kamizeremizere kamene kali pansi pa nibu ndipo kamatsogolera inki. Thirani dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale m'kapu ya madzi ofunda pang'ono, popani madziwo ndi converter kangapo, tsukuluzani ndi madzi oyera, ndipo muumitse usiku wonse nibu italoza pansi pa tishu. Zolembera zatsopano zambiri zimachira ndi izi zokha.
2. Katiriji sinabowoke. Ikankheni mpaka mumve kuti yalowa, kenaka imitsani cholembera nibu italoza pansi kwa mphindi zingapo.
3. Inki ndi yolakwika. Inki ya sitampa, ya printer, ndi yojambulira yotchedwa India ink zimatseka tinjira ta feed, ndipo ya India ikauma madzi saisungunula. Gwiritsani ntchito inki yokhayo imene botolo lake lalembedwa kuti ndi ya zolembera za nibu, monga Quink ya Parker kapena 4001 ya Pelikan.
4. Mano awiri a nibu sakulingana. Yang'anani nsonga ndi kagalasi kokulitsa kakhumi, kapena ndi kamera ya foni. Ngati cholembera chikukanda popita mbali imodzi yokha, dzino lina latsika kuposa linzake. Kwezani lotsikalo ndi chikhadabo pang'ono kwambiri, yang'ananinso, ndipo mubwereze mpaka alingane.
5. Nibu siinakhale pakati pa feed, kapena pakati pake pali mpata. Mzere wa nibu uyenera kulunjika pakati pa feed, ndipo kapepala sikayenera kulowa pakati pa ziwirizi mosavuta.
6. Nsonga inasalazidwa mopitirira ku fakitale, moti inki siikhudza pepala poyamba kulemba. Apa njira yabwino ndi kusintha nibu.

Pa nkhani yosintha nibu m'pamene kasankhidwe ka kit kamaonekeranso. Ma kit owonda amabwera ndi nibu ya nambala 5, pamene akuluakulu amakhala ndi ya nambala 6. Manibu odalirika a miyeso imeneyi amapangidwa ku Germany ndi makampani a JoWo ku Berlin ndi Bock ku Heidelberg. Mawu oti Iridium Point Germany olembedwa pa nibu si umboni wakuti nibuyo inapangidwa ku Germany, chifukwa amapezeka pa manibu ochokera m'maiko ena ambiri. Ena mwa manibu oterowo amalemba bwino ndithu, koma si onse. Funsani wogulitsa ngati nibu ya kit imachotseka ndiponso ngati ali ndi yolowa m'malo mwake, pakuti ngakhale nambala ikhale imodzi, mazinga a kanyumba ka pulasitiki kogwira nibu ka JoWo ndi ka Bock ndi osiyana. Kit imene nibu yake ndi ya muyeso wachilendo ndi yoti muipewe, kaya ikhale yowonda mokongola chotani.

## Inki ikudontha kapena ikudzaza m'chivindikiro

1. Converter kapena katiriji siinakhale zolimba, kapena kamwa lake lang'ambika chifukwa chochotsedwachotsedwa. Yesani ina.
2. Mpweya wa m'kati ukufutukuka. Inki ikatsala pang'ono, malo ambiri amakhala mpweya, ndipo ukatenthedwa ndi dzanja kapena ndi dzuwa umakankhira inki kunja. Cholembera chowonda chimamva kutentha kwa dzanja msanga chifukwa mtengo wake ndi wopyapyala. Kukwera phiri nakonso kumachita zomwezo. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene Mzuzu ali pa mamita pafupifupi 1,250, choncho cholembera chimene chatsala ndi inki yochepa, chitagona m'chikwama pa ulendo wochokera ku Nkhata Bay, chikhoza kufika kuno chitalavulira m'chivindikiro. Pa ulendo chidzazeni kapena chikhuthuleni, ndipo chiimirire nibu italoza kumwamba.
3. Nibu ndi feed sizinalowe mpaka kumapeto mutazichotsa potsuka.
4. Kanyumba ka pulasitiki kogwira nibu kang'ambika chifukwa chomangidwa mwamphamvu. Muzindikira ndi inki pa zala pamene nibu ili youma. Kameneka sikamatidwa, kamangosinthidwa.

Vuto lotsutsana ndi limeneli ndi la cholembera chimene chimauma chikakhala tsiku limodzi. Uzirani mpweya m'chivindikiro. Ngati ukutuluka momasuka pa kilipu, chivindikiro sichikutseka, ndipo kawirikawiri ndi kapulasitiki ka m'kati kamene kanasweka pomanga. Ma kit a chivindikiro cha mazinga nthawi zambiri amasunga inki bwino kuposa a chongokankha.

## Polishi yachita mbuu, golide akusupuka

Amene timapaka supa guluu ngati polishi timaidziwa nkhungu yoyera imene imaoneka pansi pake. Chifukwa chachikulu ndi chinyezi, cha mumpweya kapena cha mu mtengo, ndipo m'mawa wa chifunga wa mu Juni muno si nthawi yopaka. Chachiwiri ndi kupaka mokhuthala kapena kupopera mankhwala oumitsira msanga ambiri. Chachitatu ndi mafuta a mtengo, makamaka phingo, amene muyenera kuwapukuta ndi mankhwala a acetone musanapake. Polishi ikachita mbuu palibe chidule: ichotseni ndi sandipepa n'kuyambiranso tsiku louma. Musagwiritse ntchito supa guluu pomata zitsulo za kit, chifukwa nthunzi yake imasiya ufa woyera pa chitsulo ndi pa nibu.

Za golide, yankho ndi lalifupi. Ma kit otsika mtengo olembedwa 24k amakhala ndi golide wopyapyala amene amafufutika ndi thukuta la m'manja, ndipo akafufutika simungamubwezeretse kunyumba. Chrome, rhodium ndi titanium zimakhalitsa, ndipo chrome ndi imene sidula.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

- Lathe ikakugwirani magetsi, ikanunkha waya wopsa, kapena ikamagwetsa switchi ya nyumba, izimitseni, zulani pulagi ndipo muitane wa zamagetsi wovomerezeka. Magetsi athu ndi a 230 V, pamene makina opangidwira msika wa ku America amafuna 110 mpaka 120 V, choncho werengani kachitsulo ka pa mota musanalumikize makina obwera ndi wachibale wochokera kunja.
- Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, zimitsani switchi ya lathe nthawi yomweyo, kuti isadzidzimuke yokha akabwera.
- Lathe ikamalira mwachilendo, ikamatentha pa mabeyaringi, kapena shafiti yake ikamagwedera mukaigwedeza ndi dzanja, ipititseni kwa mmisiri wa makina. Mandrel yatsopano singachiritse shafiti yopinda.
- Supa guluu akalowa m'diso, musayese kulitsegula mokakamiza. Thirani madzi ofunda pang'ono ndipo mupite kuchipatala msanga. Valani magalasi otetezera maso nthawi zonse, ndipo musapukute guluu wambiri ndi thonje kapena nsalu ya thonje, chifukwa zimatentha mpaka kuotcha khungu.
- Mukayamba kubanika, kutsokomola kosatha, kapena kutuluka ziwengo mutasema mtengo wina, siyani mtengowo ndipo mukaonane ndi dokotala. Fumbi la mitengo yolimba ndi nthunzi ya guluu zimapweteka mapapo, ndipo kansalu kapakamwa sikakwanira kuziletsa. Pezani masiki ya fumbi yeniyeni ndipo mutsegule mawindo.
- Musanole nsonga ya nibu ndi sandipepa wa matabwa. Kachitsulo kolimba ka kunsongako ndi kochepa kwambiri, ndipo kakatha nibuyo yatha. Ngati cholembera ndi cha golide weniweni kapena ndi cha mwini wake amene wakupemphani kuti mukonze, lekezani pa kutsuka, ndipo zotsalazo muzisiyire munthu amene anazolowera ntchito ya manibu.
- Chitsulo chikalowa molakwika, musachikoke ndi pulayala. Pamafunika kachitsulo kokwana bwino m'kati mwa kapaipi kogogodera kuchokera mbali inayo, ndipo amisiri a lathe ya zitsulo ku Luwinga angakusemereni kameneka mukawapatsa kapaipi kotsala ngati muyeso. Pa chifukwa chimenechi, poitanitsa kit onjezerani timapaipi tapadera tiwiri kapena tinayi, pakuti mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa kit yathunthu, ndipo mtengo ukasweka mudzangoyambiranso ndi chidutswa china popanda kudikira katundu wina.